Kuntchito anandibwezera fizi, kodi credit ya sukulu pa msonkho ndingaipemphebe?

NaPhiri_Indiana
Moni nonse. Ndili ndi funso la msonkho, ndipo pa 15 Epulo, tsiku lomaliza lotumizira mafomu, sipatali. Ndimagwira ntchito ya CNA (wothandizira anamwino) usiku kunyumba yosamalira okalamba kuno ku Indiana, ndipo mu Januwale 2025 ndinayamba maphunziro a unamwino pa community college. Fizi ndi $3,700 pa semesita, ndiye chaka chatha ndinalipira $7,400, ina ndi kirediti kadi, ina ndi ndalama za ovataimu. Mabuku ndinagula ndekha pa intaneti, anakwana $900. Kuntchito kuli dongosolo loti ukakhoza mayeso amakubwezera fizi, ndipo mu Juni anandibwezera $3,700. Tsopano sukulu yanditumizira Form 1098-T, fomu ya msonkho yoonetsa fizi, pa bokosi 1 (fizi yolipiridwa) alemba $7,400, pa bokosi 5 (ma scholarship ndi ma grant) palibe kanthu. Bambo amene amandilembera za msonkho akuti tilembe zonse monga zilili pa fomu, ndilandire $2,500 ya American Opportunity Credit, ndalama yomwe boma limakuchotsera pa msonkho chifukwa cha fizi, zakuntchitozo tisazitchule chifukwa IRS, bungwe la boma lotolera msonkho, siziziona. Mtima wanga sukukhazikika. Amene munadutsapo ndithandizeni.

Kachere_TX
Achemwali, pepala la sukulu ndi limene IRS ili nalo. Lembani zomwe zili pa pepalapo basi. Ine ndachita choncho zaka ziwiri, palibe amene anandifunsa.

Dzalanyama
A Kachere, kusafunsidwa sikutanthauza kuti munalemba zoona. A NaPhiri, nkhani yake ili chonchi. Pali lamulo lotchedwa Section 127 lomwe limalola abwana anu kukulipirirani sukulu mpaka $5,250 pa chaka popanda ndalamayo kudulidwa msonkho. Nchifukwa chake $3,700 ija simuiona pa bokosi 1 la W-2 yanu, fomu ya kuntchito yoonetsa malipiro a chaka. Ndiye poti boma lakusiyirani kale msonkho pa ndalama imeneyo, silingakupatseninso credit pa fizi yomweyo. Dola imodzi sidyedwa kawiri. Sukulu sinalembe kanthu pa bokosi 5 chifukwa sikudziwa za ndalamayo, inachoka kwa abwana kubwera m'thumba mwanu osadutsa ku ofesi yawo. Udindo wochotsera ndi wanu, ndipo Publication 970 ya IRS imanena zimenezi poyera.

Koma musadandaule msanga, tiyeni tiwerengere. $7,400 kuphatikiza $900 ya mabuku ndi $8,300. Pa American Opportunity Credit mabuku amawerengedwa ngakhale munagula kunja kwa sukulu, bola akhale ofunika pa maphunzirowo. Chotsanipo $3,700, yatsala $4,600. Credit imeneyi imangoyang'ana $4,000 yoyamba: $2,000 yoyamba amakupatsani yonse, $2,000 yachiwiri amakupatsani 25 peresenti, ndiye $2,500. Inu muli pamwamba pa $4,000, choncho ngakhale mutachotsera zakuntchito, $2,500 ikubwerabe. Zoti munalipira ndi kirediti kadi zilibe vuto, ngakhale ngongole ya sukulu imawerengedwa ngati mwalipira ndinu.

NaPhiri_Indiana
Zikomo kwambiri a Dzalanyama, mwanditula katundu. Ndiye kuti bambo aja sanalakwitse kwenikweni?

MwanaWaMulanje
Dikirani kaye musanasangalale. A NaPhiri, mwati kuntchito amabweza ukakhoza. Semesita yachiwiri inatha mu Disembala. Magiredi ake munakapereka? Anakubwezerani kapena ayi?

NaPhiri_Indiana
Eya ndinapereka, ndipo anandibwezera $3,700 ina pa malipiro a kumapeto kwa Januwale chaka chino. Koma imeneyo si ya 2026? Sindinaitchule chifukwa ndimaganiza kuti idzalowa pa msonkho wa chaka chamawa.

MwanaWaMulanje
Ndi pomwe ndinkaopa. Ndalamayo yabwera mu 2026 inde, koma yabwera kudzafafaniza fizi yomwe munalipira mu Ogasiti 2025. Pa nkhani ya credit sayang'ana tsiku limene ndalama yalowa ku banki, amayang'ana fizi yomwe ikubwezedwa kuti ndi ya semesita iti. Poti mwailandira musanatumize mafomu anu, muyenera kuichotsa panopa. $8,300 kuchotsa $3,700 kawiri, yatsala $900 ya mabuku ija. Credit yanu ndi $900, osati $2,500.

Ndikudziwa zimenezi chifukwa zinandigwera ine mu 2022. Ndinkathamangira kutumiza mafomu kumayambiriro kwa Febuluwale kuti refund ibwere msanga ndilipire lendi, kuntchito anadzandibwezera fizi mu Malichi. Ndinkati ndapulumuka poti ndinali nditatumiza kale. Chaka chotsatira mayi wina wa ku VITA, komwe amathandiza kulemba msonkho mwaulere, atawona makalata anga anandikhazika pansi, nkutenga pensulo, nkuwerengeranso credit ya chaka chapitacho ngati kuti ndalama ija ndinali nayo kale. Kusiyana kwakeko anakuwonjezera pa msonkho wa chaka chimene ndinalandira ndalamayo. Amati recapture. Ndinabweza ndithu.

Dzalanyama
A MwanaWaMulanje akunena zoona, ndipo ine ndinayenera kufunsa funso limenelo ndisanayankhe. Pepani a NaPhiri. Yankho langa loyamba linali lolondola pa manambala amene munapereka, koma $3,700 yachiwiriyi yasintha zonse.

NaPhiri_Indiana
Mayo ine. $1,600 yapita chonchi? Ndinali nditawauza kale amayi kumudzi kuti malata a nyumba tigula mwezi wa Meyi.

AgogoAMapasa
Mwana wanga, zikupweteka ndikudziwa, koma taganiza bwino. Fizi yonse ya chaka akulipirira abwana, $7,400, osadulidwa ngakhale senti. Mabuku akubwezera boma. Chaka chonse cha unamwino waphunzira osatulutsa yako. Ine ndinaphunzira unamwino wa LPN kuno ndili ndi zaka 46, kuntchito kunalibe dongosolo lotere, ngongole yake ndinamaliza kubweza ana atakula. Malatawo adzagulidwa, ngakhale mu Ogasiti.

Kachere_TX
Komabe ine sindikumvetsa. IRS idziwa bwanji? Pa W-2 palibe, pa 1098-T palibe. Anthufe timagwira ntchito maola 16, msonkho amatidula sabata ndi sabata, lero tikapeza kampata muziti tisalowe?

Nyasa_DMV
Achimwene, mpata umenewo uli ndi minga. IRS ikakayikira credit ya sukulu imalemba kalata kupempha umboni, statement ya ku sukulu, malisiti, ndi umboni wa komwe ndalama yolipirira inachokera. Kuntchito nako mabuku ali nawo, chifukwa dongosolo la Section 127 limayenera kukhala lolembedwa. Akapeza kuti munachita mosasamala dala akhoza kukuletsani American Opportunity Credit zaka 2, akapeza kuti ndi chinyengo zaka 10, kuwonjezera pa kubweza ndalamayo ndi chiwongoladzanja. Ndipo ambirife pagulu pano tili ndi green card, tikudikira tsiku lokafunsira unzika. Pa nthawi imeneyo nkhani ya msonkho imafunsidwa. Ine sindingaike zimenezo pachiswe chifukwa cha $1,600.

Kachere_TX
Zanga ndi zosiyana pang'ono. Ine kuntchito anandilipirira $8,000 chaka chatha pa maphunziro a IT, ndipo ndinaona kuti malipiro anga pa W-2 akwera kuposa zomwe ndinalandira m'manja. Ndiye msonkho anandidula kale.

Dzalanyama
Anakudulani pa gawo lina lokha, a Kachere. $5,250 yoyamba inadutsa osadulidwa. Yotsalayo, $2,750, ndi imene anaiwonjezera pa bokosi 1 la W-2 ngati malipiro wamba. Poti pa $2,750 imeneyo msonkho mwapereka, imawerengedwa ngati ndalama yanu, ndipo muli ndi ufulu woigwiritsa ntchito pa credit. Koma $2,750 yokhayo, osati $8,000. Ngati zaka ziwiri zapitazi munalemba fizi yonse, ndikukulangizani mukonze nokha ndi Form 1040-X, fomu yokonzera zomwe munatumiza kale, asanakulembereni kalata. Digiri yoyamba muli nayo?

Kachere_TX
Ndili nayo, ya ku Chancellor College, 2011.

Dzalanyama
Ndiye American Opportunity Credit si yanu, chifukwa imeneyo ndi ya munthu amene sanamalize zaka zinayi zoyambirira za ku koleji. Zoti munaphunzira ku Zomba osati ku Texas sizikuchotserani zaka zimenezo. Yanu ndi Lifetime Learning Credit. Iyo ndi 20 peresenti ya fizi mpaka $10,000, ndiye pamwamba penipeni ndi $2,000 pa fomu imodzi ya msonkho, osati pa wophunzira aliyense. Pa $2,750 yanu ndi $550. Ubwino wake ilibe malire a zaka, ndipo ngakhale kosi imodzi yokha yowonjezera luso la ntchito imaloledwa. Kuipa kwake, imangochepetsa msonkho umene muli nawo, ngati msonkho wanu wafika kale pa ziro sikubweretserani cheke. Zonse ziwiri zimalembedwa pa Form 8863.

Kachere_TX
Amene amandilembera anandiika pa American Opportunity zaka zonse ziwiri. Sanandifunse nkomwe za digiri.

Nyasa_DMV
Amalipiritsa bwanji? Ngati amatenga gawo la refund, ndiye refund ikakula naye amadya bwino, koma kalata ya IRS imabwera pa dzina lanu. Yang'anani pansi pa fomu yanu ya msonkho ya 1040 ngati anasaina ndi kulemba PTIN yake, nambala yomwe IRS imapatsa olembera anthu msonkho. Wolipidwa aliyense amayenera kutero. Mukapeza palembedwa ngati munadzilembera nokha, ameneyo musabwererekonso.

Thobwa_Seattle
Pepani kulowerera. Ine ndimalipirira mng'ono wanga fizi ku yunivesite ku Mzuzu, chaka chilichonse ndimatumiza. Imeneyo siingalowe pa Lifetime Learning? Ndi sukulu ndithu ndipo ndalama ndi yanga.

MwanaWaMulanje
Ayi achimwene. Wophunzirayo ayenera kukhala inu, mkazi kapena mwamuna wanu, kapena munthu amene mwamulemba ngati dependent (wodalira inu) pa fomu yanu. Wachibale wokhala ku Malawi yemwe si nzika ya America sangakhale dependent, lamulo limalola okhala ku America, Canada kapena Mexico. Kuwonjezera apo sukuluyo iyenera kukhala yovomerezeka pa dongosolo la federal student aid.

Thobwa_Seattle
Zomvetsa chisoni. Theka la ndalama zanga za ovataimu zimapita kumeneko.

AgogoAMapasa
Tonse tili m'bwato limodzi mwana wanga. Ine ndaphunzitsa ana asanu a mchemwali wanga, mmodzi pano ndi mphunzitsi ku Dedza. Boma la kuno silidziwa, koma kumudzi akudziwa. Chimene ndingakupempheni achinyamata, potumiza fizi muzitumiza ku akaunti ya sukulu, mwanayo akutumizireni chithunzi cha lisiti. Ndalama yodutsa m'manja ambiri imafika itaonda.

WakuNtcheu
Zoona agogo. Koma ndibwerere kwa a NaPhiri, ndili ndi ganizo. Bwanji chaka chino osapempha kuti kuntchito akubwezereni semesita imodzi, kuti mukhale ndi $4,000 yolemba pa credit? Kapena auzeni a HR aiike ngati malipiro odulidwa msonkho. Ndinamva kuti anthu a Pell Grant, thandizo la boma kwa ophunzira osowa, amachita zotere.

Dzalanyama
Za Pell Grant nzoona, wophunzira amatha kusankha kuti gawo la grant liwerengedwe ngati lapita ku lendi ndi chakudya, alipirire msonkho, kuti fizi itsale ya credit. Koma ndalama ya abwana yabwera ndi dzina la fizi, simungaisinthe dzina nokha pa fomu. Ndipo kukana kubwezeredwa nkutaya. Osawerengera mabuku, mukasiya $3,700 ya abwana kuti mulandire credit, pa $2,000 yoyamba mwangosinthanitsa dola ndi dola, pa $1,700 yotsalayo boma likupatsani $425 yokha. Mwataya $1,275. Ndalama ya abwana tengani yonse nthawi zonse, credit ndi yotolera zotsala.

Koma a NaPhiri, pali mbali ina yomwe ikukomerani. Malire a $5,250 amawerengedwa ndi chaka chimene abwana atulutsa ndalama. $3,700 ya Januwale ija yadya kale malire a 2026, yatsala $1,550. Mukadzakhoza semesita ino nkukapereka magiredi mu Juni, $1,550 yokha ndi imene idzadutse osadulidwa. $2,150 yotsalayo mwina sadzakupatsani, mwina adzakupatsani koma nkuiika pa W-2, zimatengera dongosolo la kwanuko. Njira zonse ziwiri, $2,150 imeneyo idzakhala yanu pa credit ya 2026. Mukaphatikiza mabuku a $900 ndi $3,050, credit yake pafupifupi $2,262. Ndiye chaka chamawa zinthu zidzaoneka mosiyana. Kafunseni a HR lero lomwe kuti amatani munthu akadutsa $5,250, kuti malipiro a Juni asadzakudzidzimutseni.

NaPhiri_Indiana
Izi sindikanaziganiza ndekha. Ndawerenga kawiri ndili pa break, ndalemba manambala onse kuseri kwa pepala la ndandanda ya mashifiti.

Nyasa_DMV
Funso langa kwa akatswiri. American Opportunity amakupatsa zaka zinayi zokha pa moyo wako. Kodi nkwanzeru a NaPhiri kuwotcha chaka chimodzi pa $900? Ngati akufuna kudzapitiriza mpaka BSN, digiri ya unamwino, ndipo akuphunzira akugwira ntchito, zitha kuwatengera zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Fizi ya ku yunivesite idzakhala yokwera kuposa ya community college, zaka zimenezo ndi zomwe $2,500 yathunthu idzapezeke.

MwanaWaMulanje
Ine ndikanatenga $900 lero. Zamawa sizidziwika, munthu utha kudwala, kusintha ntchito, kapena malipiro kukwera. Akadzakhala RN (namwino weniweni wovomerezeka) nkumagwira ovataimu ngati momwe timagwirira, atha kufika $80,000 pomwe credit imayamba kuchepa, ikafika $90,000 yatheratu. Kwa okwatira olemba limodzi ndi $160,000 mpaka $180,000. Kusunga chaka chomwe sudzachigwiritsa ntchito nkutaya $900 chabe.

Nyasa_DMV
Si anamwino onse amafika pamenepo msanga, makamaka ku Indiana. Ndipo akusungira $2,500, osati $900.

Dzalanyama
Nonse muli ndi mfundo. Kuwerengera kwake nkotere: a NaPhiri alembe zaka zonse zomwe akuyembekeza kukhala pa sukulu asanamalize digiri yoyamba. Zikakhala zinayi kapena kuchepera, 2025 mpaka 2028, atenge $900 popanda kuganiza kawiri. Zikapitirira zinayi, asiye chaka chomwe chili ndi credit yochepa kwambiri, ndipo mwina ndi chino. Asaiwalenso kuti chaka chilichonse ayenera kukhala wophunzira wa theka la nthawi kapena kuposa kwa semesita imodzi, ndipo sukulu ikangowawerengera kuti zaka zinayi zakwana chaka chisanayambe, khomo latsekeka ngakhale atasunga chaka. Kusamukira ku Lifetime Learning chaka chino sikuthandiza, chifukwa kumeneko mabuku ogula pa intaneti sawerengedwa, amangolola omwe sukulu imakukakamiza kulipira kwa iyo. Pangakhale ziro.

Chinanso, akasiya chaka chino nkudzaona patsogolo kuti analakwitsa, ali ndi zaka zitatu zobwerera ndi 1040-X kukatenga $900 ija.

Mlongoti77
Ine ndili pa viza ya ophunzira ya F-1 ku Ohio, chaka chachiwiri cha masters, ndimagwira ntchito pa sukulu pomwepo. Anzanga aku West Africa akuti alandira $1,000 ya sukulu kudzera pa pulogalamu ya pa kompyuta. Ndingatero nanenso?

Dzalanyama
Musayerekeze. Pa F-1, zaka zisanu zoyambirira pa nkhani ya msonkho ndinu nonresident alien, fomu yanu ndi 1040-NR pamodzi ndi Form 8843, ndipo ma credit awiriwa simuloledwa, pokhapokha mutakwatirana ndi nzika kapena resident nkusankha kulemba naye limodzi. $1,000 akunenayo ndi 40 peresenti ya American Opportunity, gawo lomwe limabwera ngati cheke ngakhale ulibe msonkho. Mapulogalamu ambiri amangoganiza kuti aliyense ndi resident, ndiye amaitulutsa. Komanso inu muli pa masters, simukanailandira ngakhale mukanakhala resident. Pitani ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja, amakhala ndi pulogalamu yoyenera.

Mlongoti77
Zikomo, ndinatsala pang'ono kutumiza usiku uno.

WakuNtcheu
Chimene chimandiwawa ine ndi $5,250 imeneyi. Nambala yomweyi yakhalapo kuyambira 1986. Nthawi imeneyo inkalipira chaka chonse m'masukulu ambiri a boma, lero semesita imodzi ya ku yunivesite siikwana.

Nyasa_DMV
Lamulo la msonkho lomwe linasainidwa pa 4 Julayi 2025 lakhudzapo. Ikadutsa 2026 nambalayi iyamba kukwera motsatira kukwera kwa mitengo. Lakhazikitsanso zija zinayamba mu 2020 zoti abwana atha kukulipirirani ngongole ya sukulu pansi pa $5,250 yomweyo, poyamba zinkayenera kutha mu Disembala 2025. Koma chenjerani, ndi mphika umodzi, fizi ndi ngongole zonse pamodzi zisadutse malire. Ndipo chiwongoladzanja chomwe alipira abwana simungachichotserenso pa fomu yanu. Kuyambira msonkho wa 2026 ma credit a sukuluwa afunanso Social Security number, ITIN (nambala ya msonkho ya anthu opanda Social Security number) yokha sikwanira.

AgogoAMapasa
NaPhiri, pepala lomwe unasaina kuntchito polandira ndalamayo unaliwerenga lonse? Malo ambiri amakumanga, amati ukachoka chisanathe chaka kapena zaka ziwiri ubweze. Mtsikana wina tinkagwira naye atangokhoza NCLEX, mayeso opezera laisensi ya unamwino, anapeza ntchito kuchipatala chachikulu, anasangalala, koma malipiro ake omaliza anabwera atadulidwa, yotsalayo nkumulembera kalata. Ndinamupeza m'chipinda chodyera atagwira kalatayo akulira. Nzofanana ndi bond ija ya kwathu, boma likakutumiza ku sukulu umayenera kuligwirira ntchito zaka zingapo.

NaPhiri_Indiana
Ndinawerenga agogo, kwathu ndi chaka chimodzi kuchokera tsiku lomwe akupatsa cheke chomaliza. Ndiye ndikamaliza mu 2027 ndiyenera kukhalabe mpaka 2028. Okalamba anga ndimawakonda, sindikuthamangira kuchoka.

Kachere_TX
Ndayang'ana 1040 yanga ya chaka chatha. Sanasaine, PTIN palibe. A Dzalanyama, 1040-X ndingalembe ndekha kapena ndipeze munthu?

Dzalanyama
Zaka ziwiri, mafomu awiri, chaka chilichonse yakeyake, ndi Form 8863 yatsopano pa iliyonse. Poti pali kusintha kuchoka pa credit ina kupita pa ina, ndi bwino mupeze katswiri wovomerezeka wa msonkho, enrolled agent kapena CPA. Mutenge W-2, 1098-T, statement ya ku sukulu yoonetsa tsiku lililonse lomwe munalipira, ndi kalata ya kuntchito yoonetsa zomwe anakulipirirani chaka chilichonse. Onaninso fomu ya state, ngakhale inu ku Texas mulibe msonkho wa state pa malipiro. A NaPhiri ku Indiana ulipo.

NaPhiri_Indiana
Ndabwerako ku HR m'mawa uno nditaweruka. Mayi wake anatsegula kompyuta nkundionetsa: Juni 2025, $3,700, Januwale 2026, $3,700, yotsala chaka chino $1,550. Akuti yopitirira amaperekabe koma amaidula msonkho pa malipiro a sabata imeneyo. Wandisindikizira pepala. Bambo aja ndawaimbira kuti asatumize, anakwiya pang'ono, akuti makasitomala awo onse amalemba choncho. Makalata anga ndikatenga mawa. Loweruka ndili ndi nthawi ku VITA ya ku laibulale, 10 koloko. Za $900 sindinasankhebe, ndikufuna ndikaonane kaye ndi mlangizi wa ku sukulu andiuze kuti BSN ingadzanditengere zaka zingati. Amayi ndawauza kuti malata adikire kaye, ayankha kuti mvula ikadali kutali.

MwanaWaMulanje
Loweruka musaiwale malisiti a mabuku, ndi syllabus yoonetsa kuti mabukuwo ndi a kosi imeneyo. Ngati munagula pa Amazon, lowani pa mbiri ya zomwe munagula musindikize lililonse palokha.